Aliyense akuyamikira filimu ya Kamkwamba, koma ine Chichewa chake chinandivuta: kodi ndalakwa?

Kalata iyi yachokera kwa mayi wina wa ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, yemwe kwawo ndi ku Kasungu. Ndaifupikitsa pang'ono.

"Pa tchuthi chapitachi tinaonera filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind kunyumba, ine, amuna anga ndi amayi anga omwe anabwera kudzatiyendera. Amuna anga inawakhudza kwambiri, akuti mwa mafilimu onse okamba za Malawi palibe yoposa imeneyi. Ine ndinalephera kulowa m'nkhaniyo chifukwa Chichewa cha ochita sewerolo chinkandipweteka m'khutu. Malo ena ndinkachita kuwerenga mawu a Chingerezi a m'munsi aja kuti ndimve zomwe akunena m'chiyankhulo changa chomwe. Nditanena maganizo angawa, abambo akunyumba anati ndine wosayamika, ndipo mtima wogwetsanawu ndi umene ukutibweza m'mbuyo Amalawi. Chinanso, itafika pa njala paja amayi anadzuka n'kukakhala pakhonde, ndipo mpaka lero sanatchulepo za filimuyo. Iwo njala ya 2002 anaiona ndi maso. Kodi ndalakwa kusaikonda? Nanga ndinalakwa kuwaonetsa amayi? Ana anga, wina wazaka 13 wina wazaka 9, akufuna aionere. Ndiwalole?"

Achemwali, mtima m'malo. Simunalakwe kusaikonda, ndipo khutu lanu silinakunamizeni. Ndakhala zaka zambiri ndikuphunzitsa achinyamata zisudzo, za pabwalo ndi za pawailesi, ndipo chimene munamvacho ndinachimvanso ine tsiku lomwe ndinaionera koyamba, itangotuluka pa Netflix mu Malichi 2019. Nditalandira kalata yanu ndinaioneranso yonse kuti ndisakuyankheni zapamtima. Bambo a William Kamkwamba, mnyamata wa ku Kasungu wopanga makina a mphepo amene filimuyi ikukamba nkhani yake, atangotsegula pakamwa koyamba, ndinapezeka ndasendezera mutu kutsogolo ngati munthu amene akumvetsera wailesi yosagwira bwino. Mawu ndi athu ndithu, koma akuyenda ndi mwendo wachilendo.

Tiyambe ndi chifukwa chake, popeza mukachidziwa mudzatha kuwafotokozera abambo akunyumba popanda kukangana. Amene analemba ndi kutsogolera filimuyi ndi Chiwetel Ejiofor, wobadwira ku London kwa makolo ochokera ku Nigeria, ndipo ndi yemweyo amene akusewera ngati Trywell, bambo a William. Mnyamata amene akusewera William ndi Maxwell Simba wa ku Kenya. Mayi ake a William akuseweredwa ndi Aïssa Maïga, amene anabadwira ku Senegal n'kukulira ku France. Mphunzitsi uja ndi Lemogang Tsipa wa ku South Africa, ndipo mfumu ija ndi Joseph Marcell, yemwe ambiri amamukumbukira m'sewero lina la pakanema la ku America. Onsewa Chichewa anachita kuloweza chifukwa cha ntchito imeneyi. Tsono mukakumbukira bwino, pamene Annie, mlongo wake wa William, akuyankhula, khutu lanu linkapuma. Ameneyo ndi Lily Banda, mwana wa kuno kwathu. Kusiyana kumene munakumva pakati pa iye ndi anzakewo ndi umboni wakuti simunangodana ndi filimuyo popanda chifukwa.

Chichewa chili ndi nyimbo yake mkati, ndipo nyimboyo ndi imene imanyamula tanthauzo. Tikati mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo, malembo ndi amodzimodzi, koma mawu amakwera ndi kutsika mosiyana. Khungu la pathupi ndi khungu la kusaona chimodzimodzi. Mwana wazaka zinayi wa ku Wimbe, kwawo kwa William, sasokoneza zimenezi, ngakhale palibe anamuphunzitsa, koma munthu wamkulu woloweza kuchokera papepala saona chilichonse chomuchenjeza, chifukwa kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kumeneku. Palinso kampweya kaja ka mu ph, th ndi kh. Kupala ndi phala n'zosiyana, kukola ndi khola n'zosiyana, ndipo mlendo kampweyako amakataya kapena kukaika pamalo posayenera. Chinanso, ife timakoka pang'ono phatikizo loyandikana ndi lomaliza pamene tikumaliza chiganizo. Wosazolowera amathamanga pamene ife timakoka, n'kukoka pamene ife timadutsa.

Ndikupatseni chitsanzo cha m'kalasi mwanga. Chaka china tinkakonza sewero lomwe bambo amabwera kuchokera kumsika ndi thumba lopanda kanthu, mkazi wake n'kumuyang'ana, iye n'kungoti, "Kulibe." Liwu limodzi lokha. Mnyamata woyamba amene ndinamupatsa gawolo anakulira m'tauni m'nyumba yoyankhula Chingerezi kwambiri, ndipo analitchula mwamphamvu, molimenya pachiyambi, ngati munthu amene akutseka chitseko. Ndinaitana mnzake wochokera ku Dowa. Iye anaika thumba pansi kaye, osayang'ana mkaziyo, n'kulikoka liwulo pakati pang'ono, mawu akutsikira pansi mpaka kuzimirira. M'chipindamo munangoti zii. Onse awiri ananena liwu lomwelo, onse awiri ndi Amalawi, koma wachiwiriyo anali atamvapo liwulo likutuluka m'kamwa mwa munthu wamkulu amene wagonja. Ngati kusiyana kotere kumapezeka pakati pa ana athu omwe, kuli bwanji munthu amene waphunzira chiyankhulo miyezi yowerengeka? Katswiri wa zisudzo wa kunja amadziwa kuti apa ndiyenera kukwiya, apa ndiyenera kusweka mtima, koma mkwiyowo amauika pamalo pomwe ukanakhala m'chiyankhulo chake. Wosadziwa Chichewa amaona nkhope ndi misozi n'kukhutira. Inu ndi ine timamva kuti mtima uli uku, mawu ali uko.

Ndiye mungafunse kuti bwanji sanangotenga Amalawi okhaokha. Yankho lalikulu ndi ndalama. Filimu ya msinkhu uwu imadya ndalama zambiri, ndipo mabungwe omwe anaikapo chuma chawo, monga BBC Films ndi British Film Institute, amafuna dzina lomwe anthu a m'maiko ambiri akulidziwa. Ejiofor anali atatchuka kale padziko lonse ndi filimu ya 12 Years a Slave ya mu 2013, ndipo dzina lakelo ndi limene linatsegula zitseko. Tisaiwalenso kuti njira yapafupi inalipo. Akanatha kuchita zomwe ambiri amachita ndi nkhani za mu Africa, kujambula kudziko lina n'kuuza aliyense kuti ayankhule Chingerezi chokhotetsa lilime. Iye anasankha kubwera ku Kasungu konko, kujambula m'dera lomwe nkhaniyo inachitikira, n'kudzikakamiza kuyankhula chiyankhulo chomwe sanabadwe nacho. Akulu amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa mbali iyi ine ndimamuvulira chipewa. Filimuyi mpaka dziko la Britain linaitumiza ku mpikisano wa Oscar m'gawo la mafilimu omwe chiyankhulo chake chachikulu si Chingerezi. Taganizani, Chichewa chathu chomwechi.

Koma kuyamikira kumeneku sikundiletsa kunena zomwe ndimakhulupirira. Ine ndikuona kuti gawo la mayi, kapena la William mwiniwake, likanapatsidwa kwa Mmalawi, filimuyi ikanalemera kwambiri kwa ife eni nkhani, ndipo anthu akunja sakanataya kalikonse. Aluso oti akanatha alipo. Dziko lomwe linabala Du Chisiza Jr ndi gulu lake la Wakhumbata, lomwe linaseka ndi kulira ndi Izeki ndi Jakobo, lomwe lakhala likutsatira Tikuferanji zaka zonsezi, silingasowe mayi mmodzi wodziwa kunena kuti ufa watha. Filimuyi inapangidwira makamaka makutu omwe sadziwa Chichewa, ndipo ife amene timachidziwa ndi amene tinalipira mtengo wa chisankho chimenecho. Kunena choncho si kugwetsa munthu.

Apa ndiye pa nkhani ya abambo akunyumba. Ndikuwamvetsa. Kwa zaka zambiri dzina la Malawi likamatchulidwa pa kanema wa kunja, imakhala nkhani ya matenda kapena ya kupempha thandizo. Tsiku lina munthu n'kuona mwana wa ku Kasungu ali ngwazi ya filimu yomwe dziko lonse likuonera, mtima umadzaza, ndipo aliyense wonena kanthu kotsutsa amaoneka ngati akuthira mchenga m'ndiwo. Iwo anaonera ndi mtima wonyadira, inu munaonera ndi khutu la mwana wa ku Kasungu. Palibe wabodza pakati panu. Chomwe sindikugwirizana nawo ndi kukutchulani wosayamika. Mtima wogwetsana ulipodi pakati pathu, ndauona ukuwononga achinyamata aluso, koma umadziwika ndi zizindikiro zake: umanyoza munthu osati ntchito, sutchula chomwe chalakwika, ndipo sufuna kuti zinthu zidzakhale bwino mawa. Inu mwatchula chinthu chenicheni chomwe wina aliyense angathe kukachimvetsera yekha. Wakutsina khutu ndi mnansi. M'magulu a zisudzo omwe ndaphunzitsa, omwe anakula ndi aja omwe anali ndi munthu wolimba mtima wonena kuti apa sizinamveke, pamene aja ongoomberana m'manja anatha osafika patali.

Komabe ndikupempheni chinthu chimodzi pa kanenedwe. Pali kusiyana pakati pa kunena kuti "filimuyi sinandigwire mtima" ndi kunena kuti "filimuyi ndi yoipa". Choyambacho ndi chanu, palibe angakulandeni. Chachiwiricho chimafuna kuti muyang'ane mbali zonse za ntchitoyo, ndipo chiyankhulo ndi mbali imodzi chabe. Ophunzira anga ndimawauza kuti asanaweruze sewero atchule kaye malo atatu enieni, pamene anaiwala kuti akuonera sewero, pamene anakumbukira kuti akuonera sewero, ndi pamene anafuna kudzuka. Akatero mkangano umasanduka kucheza, chifukwa mnzako amatha kunena kuti ine pamenepo ndinaona zina. Yesani zimenezi kunyumba. M'malo monena kuti sindinaikonde, nenani kuti pamene bambo ndi mwana ankakangana za njinga paja ndinalephera kulira chifukwa mawu sankamveka bwino, koma pamene banja linagwirizana zodya kamodzi patsiku zinandilowa. Muona kuti nawonso ayamba kutchula malo awo.

Ndipo malo ogwira mtima alimo ambiri, makamaka pamene anthu sakuyankhula. Chipwirikiti cha anthu olimbirana chimanga pamsika wa boma chinajambulidwa moona, fumbi, zigongono, matumba ang'onoang'ono omwe munthu akuwakumbatira ngati mwana. Nthaka yong'ambika ija, bambo akulima mouma momwemo chifukwa palibe china chomwe akudziwa kuchita, imeneyo ndi Kasungu yeniyeni. Nkhani ya njinga ndiyo msana wa filimu yonse. Kwa bambo wa kumudzi njinga ndi miyendo, ndi ambulansi, ndi ulemu wake pakati pa amuna anzake, ndiye mwana amene wachotsedwa sukulu chifukwa cha fizi akubwera kudzapempha kuti aidule. Pankhope ya Ejiofor pamenepo pali zonse, manyazi, mkwiyo ndi mantha, ndipo apo luso lake limaoneka ngakhale lilime likumukanika. Galu uja Khamba naye, ine ndimaona kuti imfa yake inanena za njala zambiri kuposa mawu onse a m'filimumo. Za Gule Wamkulu, amene amatulukira pamaliro koyambirira, anthu amasiyana maganizo. Ena amanyadira kuti chikhalidwe chomwe UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inachilemekeza mu 2005 chaonekera kudziko, ena amaona kuti anangochiikamo ngati chokongoletsera maso a alendo. Ine ndili pakati, koma ndimatsamira kwa achiwiriwo pang'ono, chifukwa filimuyo siipatsa woonera mpata womvetsa chimene gule amatanthauza pamaliro a Mchewa.

Pali ngozi imodzi yomwe ndimaiona mwa anthu amene anaikonda kwambiri, ndiyo kuitenga ngati mbiri yeniyeni mpaka pa kadontho. Filimu imapinda nkhani kuti ikwane m'maola awiri. William Kamkwamba, wobadwa mu 1987 n'kukulira m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, anamangadi makina ake a mphepo ataona chithunzi m'buku lotchedwa Using Energy lomwe anabwereka mulaibulale yaing'ono ya m'deralo. Koma makina oyambawo anayatsa mababu ndi wailesi kunyumba kwawo, n'chifukwa chake iye ankawatcha magetsi a mphepo. Zopopa madzi othirira mbewu zinabwera patapita zaka, atadziwika kale ndi kupeza omuthandiza. M'filimu anaphatikiza ziwirizi kuti makinawo aoneke akupulumutsa mudzi ku njala nthawi yomweyo. Nkhani ya dayinamo nayo anaisintha. M'buku lomwe William analemba ndi Bryan Mealer mu 2009, ndi mnzake Gilbert amene anamugulira, pamene m'filimu ikuchokera panjinga ya mphunzitsi kudzera mwa mlongo wake. Kusintha kotere ndi mwambo wa ntchito yathu ndipo sindikuona ngati bodza, koma woonera ayenera kudziwa. Njala ya 2001 ndi 2002 sinathe chifukwa cha makina a mwana mmodzi. Inabwera chifukwa cha mvula yosokonekera, madzi osefukira, chimanga cha m'nkhokwe za boma chomwe chinali chitagulitsidwa, ndi mitengo yomwe inakwera kufika poti munthu wamba sakanaifikira. Boma linalengeza kuti dziko lili pangozi mu Febuluwale 2002, anthu ambiri atafooka kale. Amene anapulumuka anapulumuka ndi ganyu, gaga, zitsa za nthochi, mizu ya m'tchire ndi kugulitsa chilichonse chomwe anali nacho.

Izi zikundifikitsa kwa amayi anu, ndipo pa mafunso anu atatu ili ndi limene ndaliganizira kwambiri. Inu ndi abambo akunyumba munkaonera filimu. Amayi ankaona chaka chomwe anachikhala. Simunalakwe kuwaonetsa, chifukwa simunadziwe kuti ziwafika chotero, ndipo mwina nawonso sanadziwe. Ndaonapo zotere pa masewero athu a m'midzi. Tsiku lina tinkachita sewero la njala pabwalo la sukulu ina, ndipo gogo wina amene anakhala kutsogolo pamphasa anadzuka pakati pa sewero, n'kumanga bwino chitenje chake, n'kuchoka pang'onopang'ono osayang'ana m'mbuyo. Achinyamata anga anaganiza kuti sewero lamunyansa. Titamaliza ndinamupeza atakhala pansi pa mtengo kuseri kwa kalasi, akufukula dothi ndi kamtengo. Anangondiuza kuti mbale yomwe mtsikana wathu ananyamula m'seweromo ikufanana ndi yomwe ankagawira ana ake chaka chija, ndipo ana amene ankadyera m'mbalemo si onse alipo. Sananene zambiri, ndipo ine sindinafunse zambiri. Kuyambira tsiku limenelo, tisanayambe sewero lokhudza njala, maliro kapena nkhanza, ndimayamba ndauza anthu zomwe zili m'katimo kuti wofuna kuchoka achoke mwaulemu.

Tsono musawafunse amayi kuti filimu ija munaiona bwanji. Funso limenelo liwaika pamalo oti aweruze sewero, pamene iwo zomwe zili mumtima si za sewero. Musawakakamizenso kuti aimalize poganiza kuti mathero osangalatsa aja awatonthoza. Kwa munthu amene anataya wachibale chaka chimenecho, madzi otuluka m'paipi kumapeto kuja akhoza kumupweteka koposa, chifukwa kwawo madziwo sanabwere. Chomwe mungachite ndi kupeza nthawi yomwe muli awiriwiri, manja ali pa ntchito, mukusankha nyemba kapena kusadzula masamba. Akuluakulu athu amamasuka pamene maso sakuyang'anana. Munene mwachidule kuti amayi, ndinaona kuti tsiku lija munatuluka, pepani ngati zinakukumbutsani zowawa. Mukatero khalani chete. Akayankha kuti palibe kanthu, zisiyeni, mwatsegula khomo ndipo akudziwa kuti lili lotsegula. Akayamba kufotokoza, musawadule ndi mawu akuti zinapita zimenezo kapena limbani mtima. Mvetserani mpaka amalize okha. N'kutheka kuti mumva zinthu za banja lanu zomwe simunazimvepo, popeza inu nthawi imeneyo munali wamng'ono ndipo makolo amabisira ana zambiri.

Anthu ambiri akakumbutsidwa zowawa chotere amakhala ndi chisoni masiku angapo kenako n'kubwerera mwakale, ndipo zimenezo si matenda. Koma khalani tcheru. Ngati padutsa milungu iwiri kapena itatu amayi akusowabe tulo, akulota zoopsa, chakudya sichikulowa, akulira paokha, akudzipatula kwa adzukulu omwe amakonda kucheza nawo, kapena ayamba kuda nkhawa kwambiri ndi ufa ngakhale thumba lili lodzaza, pamenepo pafunika thandizo loposa lanu. Yambani ndi munthu amene iwo amamukhulupirira, kaya ndi abusa, shehe, mayi wa chigwirizano kapena mchemwali wawo, koma musalekere pomwepo. Pitani nawo kuchipatala mukafotokoze zonse, kuphatikizapo chomwe chinayambitsa. M'zipatala za maboma mumakhala anamwino ophunzira za umoyo wa m'maganizo, ndipo a St John of God ali ndi malo othandizira anthu ku Lilongwe konko ndi ku Mzuzu. Ngati amayi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, kayezetseni msanga, chifukwa nkhawa ndi kusowa tulo zimakweza BP. Ndipo akangonena mawu osonyeza kuti atopa ndi moyo kapena akufuna kutsatira omwe anapita, musadikire mawa, pitani nawo tsiku lomwelo. Akabwerera ku Kasungu zisanathe, uzani wachibale amene amakhala nawo pafupi kuti aziwayang'anira, ndipo inu muziwaimbira pafupipafupi.

Kubwerera kwa inu mwini, ngati mukufuna kuipatsanso mpata filimuyi, ioneninso panokha mutadziwa kale kuti Chichewa chake n'chotani. Kachiwiri khutu silidzidzimuka, ndipo maso amapeza mpata woona zomwe anaphonya. Ngati simukufuna, palibe lamulo. Nkhani ya William mukhoza kuipeza m'buku lake, lomwe lili ndi zambiri zomwe filimu inasiya, kapena kumuonera iye mwini akuyankhula pa msonkhano wogawana nzeru zatsopano wa TED ku Arusha, m'dziko la Tanzania, mu 2007, ali mnyamata wamanyazi wosowa mawu a Chingerezi. Mnyamata yemweyo anadzamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America mu 2014. Ndingakulimbikitseninso kuti muonere mafilimu opangidwa ndi Amalawi eniake, monga The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise a Shemu Joyah, Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula yomwe inapata mphoto ya Africa Magic mu 2016, kapena Fatsani ya Gift Sukez Sukali. Muwaonere ndi khutu lomwelo losanyengerera. M'mafilimu ambiri a kuno kwathu mupeza kuti mayankhulidwe akukhala bwino koma zina zikutsalira, mawu ojambulidwa mosamveka, zochitika zotalika mopitirira, nyimbo yokwirira zoyankhula. Mukanena zimenezonso poyera, abambo akunyumba aona kuti muyeso wanu ndi umodzi kwa mlendo ndi kwa mwana wa pakhomo.

Za ana, wazaka 13 aionere, ndi msinkhu wa William m'filimumo ndipo imuyankhula mwachindunji. Wazaka 9 akhozanso kuonera koma inu mukhale pambali pake. Muli malo anayi omwe angamuvute: pamene mfumu ikumenyedwa itayankhula pamsonkhano wa ndale, pamene anthu akulowa m'nyumba kudzalanda chakudya mayi ali momwemo, imfa ya galu, ndi kuchoka kwa Annie usiku. Mwa onsewa, ana aang'ono amasweka mtima kwambiri ndi galu, choncho muuzeni zisanafike kuti galuyu zimuvuta. Musaionere usiku woti akangomaliza akagone, sankhani masana a Loweruka kuti pakhale nthawi ya mafunso. Afunsa ngati zinachitikadi, ndipo muwauze zoona, kuti njala inalikodi, kuti inafika kwawo kwa agogo awo, ndi kuti makina enieni anayamba ndi kuyatsa babu. Akafuna kukafunsa agogo, auzeni adikire mpaka inu mutayamba mwacheza nawo. Ndipo ngati amayi akadali pakhomopo, dikirani abwerere kaye ku Kasungu, kapena auzeni tsiku ndi nthawi yomwe ana aonere kuti asankhe okha kokhala.